Chimene Chidasamutsa Mulungu Pansi Pano

M'mapiri a Dzalanyama, kumwera chakumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe, kufupi ndi malire a Malawi ndi Mozambique, muli thanthwe limene Achewa amati munthu woyamba adapondapo phazi. Malowo amatchedwa Kaphirintiwa. Akuluakulu amasimba kuti pachiyambi dziko lidalipo kale, koma lidali louma gwa, lopanda madzi, lopanda chopuma chilichonse. Tsiku lina mitambo idasonkhana, mphezi idang'anima, kumwamba kudatseguka, ndipo m'chimvula chimene chidagwa tsikulo mudatsika Chauta, mwamuna mmodzi, mkazi mmodzi ndi nyama zonse. Thanthwe limene adafikirapo lidali lisanaume, choncho mapazi a anthuwo, ziboda za nyama, ngakhalenso pamene adatula khasu, dengu ndi mtondo, zonsezi zidadindika pamwalapo. Mwala utauma, zizindikirozo zidakhalirira.

Pambuyo pa mvulayo msipu udaphuka, mitengo idabala, ndipo Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi, mkango osagwira mbuzi, munthu osasaka gwape. Zidasokonekera tsiku limene mwamuna uja adatola timitengo tiwiri, kena kofewa kena kolimba, n'kuyamba kupeka mongosewera. Utsi udayamba kufuka. Ena posimba amati anzake adamuletsa, iye osamva. Moto udabuka, udagwira udzu, tchire lonse lidayaka. Galu ndi mbuzi zidathawira kwa munthu, ndipo zili naye mpaka lero. Njovu, mkango ndi zinzake zidaliyatsa liwiro kulowa kuthengo, zili ndi mkwiyo umene sunatherebe. Bilimankhwe adakwera pansonga ya mtengo n'kuitana Chauta kuti amutsatire, koma Chauta adayankha kuti wakalamba, sangathe kukwera. Kangaude ndiye adaluka ulusi wake n'kumukwezera kumwamba. Ali kumeneko Chauta adagamula mlandu: kuyambira tsikulo munthu azifa, azimutsatira kumwambako, kuti azikapanga mitambo ya mvula yozimitsa moto umene adauyambitsa yekha.

Munthu amene adakulira ku Sande sukulu akamamva nkhaniyi amadikira pamene Chauta ayambe kulenga zinthu chimodzichimodzi, lero kuwala, mawa nyanja. Pamenepo palibe. Dziko nkhaniyi idalipeza lilipo, ndipo siifunsa kuti lidachokera kuti. Chimene ikufuna kudziwa n'chakuti Mulungu adali pompano, nanga adachokeranji? Ndipo taonani Mulungu wakeyo: nkhalamba yolephera kukwera mtengo, yochita kupulumutsidwa ndi kangaude. Sadapse mtima n'kupirikitsa munthu m'munda. Munthu ndiye adamusamutsa Iye ndi utsi.

Amene adakhalapo kumudzi m'chilimwe nkhaniyi amaiona ndi maso chaka chilichonse. Cha mu Seputembala ndi Okutobala tchire limatenthedwa, alenje kale ankapita ku uzimba, anyamata amakumba mbewa palupsa, utsi umakwera n'kuphimba mapiri. Kenaka kumagwa mvula yoyamba ija timaitcha chizimalupsa, ndipo udzu umaphukanso pamene padali phulusa. Matthew Schoffeleers, wansembe wachikatolika wochokera ku Netherlands amene adafufuza kwa zaka zambiri za chipembedzo cha makolo m'Malawi, adaona kuti nkhani ya Kaphirintiwa imatsata kayendedwe ka chaka kameneka. Iye ndi Adrian Roscoe adaiika m'buku lawo la mu 1985 lotchedwa Land of Fire. Schoffeleers ankaonanso gule wamkulu ndi diso lomweli. Zilombo zikatuluka kudambwe n'kufika pabwalo nthawi ya maliro kapena chinamwali, ndiye kuti nyama zija zidathawa moto zabwerera kumudzi, mizimu nayo yatsika, ndipo kwa masiku ochepa onse ali malo amodzi monga kale. Mwambo ukatha, zilombo zoluka ndi udzu ndi makoko a chimanga zimatenthedwa, kulekana kuja n'kuyambiranso.

Ayao ali nayo nkhani yomweyi, koma yawo imayambira m'madzi. Bilimankhwe adatchera mono mumtsinje, ndipo tsiku lina popita kukaonjola adapezamo tinthu tiwiri timene adali asanationepo, kamwamuna ndi kamkazi. Adatitengera kwa Mulungu, amene adati atiike pansi tikule. Titakula tidapeka moto, tidayamba kupha nyama n'kumaotcha, ndipo Mulungu adathawira kumwamba pa ulusi wa kangaude. Duff Macdonald, mmishoni wa ku Blantyre, adailemba m'buku lake la Africana mu 1882.

Tikawoloka Luangwa ndi Kafue n'kufika kuchigwa cha Zambezi, kwa Alozi a kumadzulo kwa Zambia, kangaude timamupezanso pantchito yomweyo, koma nkhani yake yakula ndipo yawawa. Nyambe ankakhala pansi pano ndi mkazi wake Nasilele. Pakati pa zolengedwa zake padali Kamunu, munthu, amene ankatengera chilichonse chimene Nyambe wachita. Nyambe akasema mtengo, Kamunu naye ankasema. Nyambe akasula chitsulo, Kamunu naye ankasula. Nyambe adayamba kuchita mantha ndi nzeru zoterezi, ndipo manthawo adapherezera tsiku limene Kamunu adasula mkondo n'kubaya nawo nyama. Nyambe adamudzudzula kuti wapha abale ake. Kuyambira pamenepo nthawi iliyonse imene Kamunu wapha nyama, naye ankataya kanthu: mphika wake udasweka, galu wake adafa, mpaka mwana wake adamwalira. Nyambe adasamukira pachilumba, Kamunu adasema bwato n'kumupeza. Adaunjika phiri n'kukhala pamwamba pake, Kamunu adakwera. Pomaliza kangaude adamupezera malo kumwamba, kumudzi wotchedwa Litooma, ndipo Nyambe atafika adaboola maso a kangaudeyo kuti asadzalondolere munthu njira. Kamunu sadagonje. Adasonkhanitsa anthu, adadula mitengo n'kuyamba kumanga nsanja yoti ikafike kumwamba, koma idalemera n'kugwa. Chimene chidamutsalira n'kulonjera dzuwa m'mawa uliwonse likamatuluka.

Kusiyana kwa ziwirizi n'koyenera kukuona bwino. Mwamuna wa ku Kaphirintiwa adachita ngozi. Kamunu ankadziwa chimene akuchita. Chauta adathawa moto. Nyambe adathawa munthu weniweniyo, ndipo adachita nkhanza kwa amene adamuthandiza pofuna kutseka njira. Alozi adali anthu a mabwato, osula ndi alenje, a ufumu wamphamvu, ndipo munthu wa m'nkhani yawo ndi wa luso ndi liuma loopsa Mulungu amene.

Kumadzulo kwa Africa kulibe moto kapena mkondo m'nkhani yotere. Kuli munsi. Aashanti a ku Ghana amati Onyankopon ankakhala pafupi kwambiri, pamwamba pa mitu ya anthu pomwepa. Panali gogo wina wamkazi amene ankasinja fufu, chakudya chawo cha zilazi kapena chinangwa ndi nthochi zophika, ndipo akakweza munsi unkagunda Mulungu. Onyankopon adadandaula, gogoyo osaleka, mpaka adakwera kutali. Gogoyo adauza ana ake kuti asonkhanitse mitondo yonse, aisanjikize umodzi pamwamba pa unzake kuti akamupeze. Mulu udakwera ndithu, kudangotsala mtondo umodzi kuti afike, koma mitondo idali itatha. Gogo adati asolole wapansi akauike pamwamba. Adasolola, mulu wonse udagwa, anthu ambiri adafera pomwepo.

Makilomita masauzande angapo kum'mawa, kwa Adinka oweta ng'ombe a ku South Sudan, munsi womwewo ukupezeka m'manja mwa Abuk, mkazi woyamba, amene mwamuna wake adali Garang. Kumwamba ndi pansi zidalumikizidwa ndi chingwe, ndipo anthu ankakwera kwa Nhialic, Mulungu wawo, pamene afunira. Nhialic ankawapatsa kambewu kamodzi ka mapira patsiku, kokwanira kukhuta, n'kuwaletsa kusinja koposa apo. Abuk adafuna zambiri, adatenga munsi wautali (ena amati khasu la mpini wautali), ndipo poukweza adagunda Nhialic. Iye adachoka n'kutuma kambalame kotchedwa atoc kuti kakadule chingwe. Matenda, njala, imfa ndi thukuta la kumunda zidayambira pamenepo. Godfrey Lienhardt adalemba zimenezi mu 1961 m'buku lake lonena za chipembedzo cha Adinka. Anansi awo Anuer nawo ali ndi chingwe, chimene okalamba ankakwera kukasanduka anyamata n'kutsikanso, koma chawo adadula ndi fisi.

Nkhanizi zikaikidwa pamphasa imodzi, chinthu chimodzi chimaonekera. Chimene chidasamutsa Mulungu si chinthu chachilendo kapena choipa. Ndi chida chimene mtunduwo umadyera: moto wotentha tchire ndi kuphika nsima, mkondo ndi nyundo ya wosula, munsi ndi khasu. Ndipo palibe nkhani ndi imodzi yomwe imene anthu adataya chidacho kuti Mulungu abwerere. Mchewa sadazimitse moto n'kuyambiranso kudya zaziwisi. Abuk sadaponye munsi kudzala. Kamunu ndi gogo wa ku Ashanti adayesa kukwera kumwamba, koma ndi luso lomwe lija lidawapalamulitsa. Ine ndimaona kuti makolowa ankadziwa kuti luso limene limasiyanitsa munthu ndi nyama lili ndi mtengo wake, ndipo adavomera kuulipira. M'nkhani zina za Adinka muli ngakhale kachimwemwe pang'ono: thambo likali pafupi anthu ankapanikizika, sankatha kukweza khasu momasuka. Mulungu wa nkhanizi ali ngati agogo amene phokoso la adzukulu litachuluka adasamukira kukanyumba kawo kuseri kwa mudzi. Sadawakane anawo, ndipo chilala chikavuta anthu amadziwa kopita ndi nsembe, koma sadyeranso nawo mbale imodzi. N'chifukwa chake mizimu ya makolo ili ndi ntchito yaikulu m'zipembedzo za mitundu yambiri ya kuno: ndiyo imayenda mtunda umene chingwe ndi ulusi zidasiya.

Pali funso limene amayi amafunsa msanga akamva nkhanizi: mlandu adaupatsa yani? Kwa Aashanti ndi Adinka ndi mkazi. Kwa Achewa ndi Alozi ndi mwamuna. Munthu angafulumire kunena kuti Achewa adapepukitsa mkazi chifukwa mbumba amaiwerengera kuchikazi. Yankho limeneli limakoma m'khutu koma silipita patali, pakuti Aashanti nawo amatsata kuchikazi monga ife, ufumu wawo umadutsa mwa mayi, komabe munsi adaupatsa gogo wamkazi. Chooneka n'chakuti mlandu umatsata chida. Kumene chida chake ndi munsi, wolakwa ndi wosinja. Kumene ndi moto wa uzimba kapena mkondo, wolakwa ndi mlenje.

Za imfa pali nkhani ina yosiyana ndi izi, imene idafalikira koposa zonse, ndipo bilimankhwe ndiye mwini mlandu. Ana ambiri a m'Malawi adaimva kwa agogo awo. Chauta adatuma bilimankhwe kukauza anthu kuti akafa adzaukanso. Pambuyo pake adatuma buluzi ndi uthenga wakuti akafa afereratu. Bilimankhwe ndi kayendedwe kake kaja, kuponda uku akuganiza, adapitiriridwa panjira. Pamene ankafika n'kuti anthu atalandira kale mawu a buluzi. Kale m'madera ena anthu akapeza bilimankhwe ankamuthira fodya m'kamwa kuti afe, kubwezera kuchedwa kwakeko. Azulu a ku South Africa amaisimba chimodzimodzi: Unkulunkulu, amene amati adatuluka m'bango pamodzi ndi anthu oyamba, adatuma unwabu (bilimankhwe), yemwe adaima panjira n'kumadya zipatso za kathengo kena, ndipo intulo (buluzi) adamupitirira. Henry Callaway adalemba zimenezi kuchokera pakamwa pa Azulu eni ake pakati pa 1868 ndi 1870. Kwa Amende a ku Sierra Leone amithenga ndi galu ndi chule: galu adanyamula uthenga wa moyo koma adaima pamene mayi wina ankaphika, chule n'kufika poyamba. Akhoikhoi a kumwera amati wotuma adali mwezi, umene unkafuna kuti anthu azifa n'kubweranso monga umachitira iwo. Kalulu adapotoza mawuwo, mwezi udamukwapula pakamwa, ndipo mlomo wake ngwong'ambika mpaka lero. Hans Abrahamsson wa ku Sweden adasonkhanitsa nkhani zamtunduwu za mu Africa monse m'buku la mu 1951.

Chondidabwitsa pano si ulesi wa bilimankhwe kapena dyera la galu. N'chakuti wotumayo sabweza mawu. Uthenga wolondola umafika ndithu, koma mochedwa, ndipo anthu amati tamva kale. Kwa anthu amene malamulo awo, maukwati awo ndi malire a minda yawo zinkasungidwa pakamwa, mawu amene anenedwa pabwalo pamaso pa mboni sankafafanizika. Wamthenga adali munthu woopsa. Mpaka lero wonena uthenga wa maliro amasankhidwa, satuma aliyense.

Koma bilimankhwe si wolakwa kulikonse. Kwa Ayoruba a ku Nigeria ndi mtumiki wokhulupirika wa Olodumare, Mulungu wawo wamkulu, ndipo kuponda kwake kosamala n'kumene kudamupatsa ntchito. Ayoruba ali m'gulu la mitundu imene imafotokozadi mmene nthaka idapangidwira. Pansi pano padali madzi ndi matope okhaokha. Olodumare adatuma Obatala, amene adatsika pa unyolo atanyamula dothi m'chigoba cha nkhono, nkhuku ya zala zisanu ndi mbewu ya kanjedza. Adathira dothilo pamadzi, nkhuku idayamba kupalasa, ndipo kulikonse kumene dothi lidagwera kudasanduka mtunda. Bilimankhwe adatumidwa kukayesa ngati nthakayo yauma. Ulendo woyamba adati ndi yotakata koma ikadali yofewa. Wachiwiri adati yalimba. Malowo ndi Ile-Ife, mzinda umene ulipo mpaka lero. Obatala adapatsidwanso ntchito youmba matupi a anthu ndi dongo, Olodumare n'kumauziramo mpweya. Tsiku lina adamwa uchema wambiri, dzanja lidasokonekera, ndipo adaumba anthu a linunda, olumala ndi ena osiyana ndi anzawo. Mowa utamuchoka adalumbira kuti sadzamwanso, n'kutenga anthuwo kukhala akeake. Omupembedza amavala zoyera ndipo samwa uchema, ndipo mwa mwambo wa Ayoruba olumala ndi anthu achialubino ndi anthu a Obatala, osayenera kuzunzidwa. Kuno kumene anthu achialubino akhala akusakidwa m'zaka zaposachedwapa, mbali imeneyi ndi yofunika kuimva kawiri.

Ilipo mitundu ina imene imayambira pachiyambi penipeni. Akuba a ku Congo amati Mbombo adali yekha mumdima ndi madzi, adamva kupweteka m'mimba, n'kusanza dzuwa, mwezi, nyenyezi, nyama ndi anthu. Afulani, oweta ng'ombe a kumadzulo, amati zonse zidayamba ndi dontho lalikulu la mkaka, ndipo kwa anthu okhalira ng'ombe zimenezi n'zosadabwitsa.

Nkhani ya Abaganda a ku Uganda ndi imene Mchewa angaimve mosiyana ndi eni ake. Kintu, munthu woyamba, ankakhala yekha ndi ng'ombe yake imodzi. Nambi, mwana wamkazi wa Ggulu mwini kumwamba, adamukonda. Ggulu adamuyesa mkamwiniyo ndi ntchito zosatheka: kumaliza chakudya cha khamu la anthu, kuwaza nkhuni pathanthwe, kutunga madzi a mame okha, kuzindikira ng'ombe yake pakati pa ng'ombe zosawerengeka. Atapambana, Ggulu adawauza kuti anyamuke msanga mlongo wa Nambi, Walumbe, asanadziwe, ndipo asabwerere ngakhale aiwale kanthu. Ali panjira Nambi adakumbukira kuti waiwala mawere a nkhuku yake. Adabwerera, Walumbe adamuona, ndipo adatsika nawo. Ana atabadwa, Walumbe adapempha mwana mmodzi woti azimuphikira. Kintu adakana, ndipo ana adayamba kufa. Ggulu adatuma mwana wake wina, Kayikuzi, kuti akagwire Walumbe. Kayikuzi adalamula kuti anthu onse akhale m'nyumba ali chete, koma ana ena adapita kukadyetsa mbuzi, adaona Walumbe akutuluka pansi, adakuwa, ndipo Walumbeyo adalowanso m'nthaka. Kayikuzi adatopa n'kubwerera kwawo. Ku Ttanda, m'boma la Mityana, kuli maenje ambirimbiri amene amati adakumbidwa pa kuthamangitsanako.

Imfa pano si chilango chochokera kutali. Ndi mlamu wa Kintu, malume wa anawo. Abaganda amawerengera mtundu kuchimuna, choncho kwa iwo Kintu adali ndi mphamvu yokana. Koma mufotokozereni nkhaniyi mkulu wa ku Kasungu kapena ku Dedza, kumene malume ndiye mwini mbumba, ndipo adzakufunsani kuti mkamwini adakaniza bwanji mwana kwa malume wake. Nkhani imodzi, milandu iwiri.

Maenje a ku Ttanda akutifikitsa pa chinthu china chimene nkhanizi zimachita. Zambiri zili ndi malo ake enieni, oti munthu angapite kukaima. Atswana ali ndi Matsieng, pafupi ndi Rasesa kumpoto kwa Gaborone, pamene pali dzenje lamadzi pathanthwe ndi mapazi a anthu ndi nyama. Amati chimphona Matsieng chidatuluka m'dzenjemo, anthu ndi nyama pambuyo pake, mwala usanaume, monga ku Kaphirintiwa, kusiyana kwake n'kwakuti awa adachokera pansi osati kumwamba. Ofufuza zakale amati mapazi a ku Matsieng adachita kugobedwa ndi alenje akale, koma zimenezo sizidachotse ulemu wa malowo. Alomwe amaloza phiri la Namuli ku Mozambique. Aherero a ku Namibia amaloza mtengo wa omumborombonga. Akikuyu a ku Kenya ali ndi Mukurwe wa Nyagathanga ku Murang'a, kumene Ngai, atamuonetsa Gikuyu dziko lonse ali pamwamba pa phiri la Kirinyaga, adamuuza kuti akamange, ndipo kumeneko adapeza mkazi wake Mumbi. Ana awo aakazi, Wanjiru, Wambui, Wanjiku ndi abale awo, ndiwo adayambitsa mafuko a Akikuyu.

Malo otere sangokhala okumbukira. Amanena kuti dziko ili n'la yani. Jomo Kenyatta adaika nkhani ya Gikuyu ndi Mumbi koyambirira kwa buku lake la Facing Mount Kenya mu 1938, nthawi imene minda yachonde ya Akikuyu idali m'manja mwa atsamunda, ndipo wowerenga aliyense adamva chimene ankatanthauza. Amasai amati Enkai adatsitsa ng'ombe zonse kuchokera kumwamba n'kuzipereka kwa iwo, choncho kale kukatenga ng'ombe kwa mtundu wina sikunkawerengedwa kuba. Ku Ile-Ife kuli kasimbidwe kena kakuti Obatala ataledzera panjira, Oduduwa adatenga chigoba cha nkhono chija n'kukamaliza ntchito, ndipo mafumu aakulu a Ayoruba, kuyambira Ooni wa ku Ife, amati ndi zidzukulu za Oduduwa. Akatswiri ambiri a mbiri amaona m'kasimbidwe kawiriko chikumbutso cha mkangano wa eni dziko akale ndi olamulira amene adabwera pambuyo. Kintu amawerengedwa kukhala Kabaka (mfumu) woyamba wa Buganda. Banja la Litunga, mfumu ya Alozi, limati lidachokera mwa Mbuyu, mwana wamkazi wa Nyambe.

Achewa nawo ali ndi nkhani ziwiri za chiyambi, ndipo mkulu mmodzi angakusimbireni zonse tsiku limodzi osaona chovuta. Ina ndi ya Kaphirintiwa: tidatsikira pompano. Ina ndi ya ulendo: tidachokera ku Uluwa, m'dziko la Aluba ku Congo, motsogozedwa ndi Kalonga, mpaka kudzakhazikika ku Mankhamba kufupi ndi nyanja. Yachiwiriyi ndiyo Samuel Josia Ntara adaitsata kwambiri m'buku lake la Mbiri ya Achewa la m'zaka za m'ma 1940, ndipo ndiyo imamveka pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, Achewa a maiko atatu akamakalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Ofufuza amati yoyambayo ndi ya a Banda, amene adafika kale n'kukhala eni mvula, ndipo yachiwiri ndi ya a Phiri, eni ufumu. Kachisi wa ku Kaphirintiwa adadzasamukira ku Msinja, kumene Makewana ankatsogolera nsembe za mvula, ndipo mafumu a Phiri ankatumiza mphatso kumeneko. Ufumu udali kwina, mvula kwina, ndipo aliyense adali ndi nkhani yomuikira kumbuyo. Amene alibe malo m'nkhani ya Kaphirintiwa ndi Akafula, alenje amene mbiri ya Achewa eni ake imavomera kuti adawapeza m'dziko muno, ndipo zojambula zawo zofiira zikadali m'mapanga a Chongoni ku Dedza, malo amene UNESCO idawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006.

Nanga kufanana konseku kudachokera kuti? Mbali ina yankho lake n'lapafupi. Achewa, Ayao, Alozi, Azulu, Abaganda ndi Akikuyu amayankhula zinenero za banja limodzi, zimene akatswiri amati zidafalikira kuchokera kumalire a Nigeria ndi Cameroon zaka masauzande angapo zapitazo. Anthu osamuka amanyamula nthano pamodzi ndi mbewu. Maukwati, malonda ndi nkhondo zidasakanizanso zambiri. Angoni a Zwangendaba atawoloka Zambezi mu 1835 adabwera ndi nkhani zawo n'kupeza zina zofanana nazo. Koma Adinka ndi Aashanti sali m'banja limeneli, ndipo ali kutali wina ndi mnzake, komabe onse ali ndi munsi wogunda thambo. Mwina nkhaniyo ndi yakale kuposa mabanja a zinenerowa. Mwinanso kulikonse kumene mayi amakweza munsi kuloza kumwamba tsiku ndi tsiku, wina adzaiganiza yekha.

Ena amakayikira nsanja ya Kamunu ndi mulu wa mitondo, amati zidabwerekedwa ku nsanja ya Babele amishoni atafika. Kukayikako kuli ndi maziko, pakuti ambiri amene adayamba kulemba nkhanizi adali amishoni, ndipo owasimbira nthawi zambiri adali ophunzira a pamishoni pomwepo. Koma nkhani ya Babele imathera pa kusokonekera kwa zinenero, pamene izi zimathera pa mitembo ndi kulephera kumupeza Mulungu amene adali mnansi. Ndipo kusolola mtondo wapansi kuti ukakhale pamwamba ndi nthabwala ya anthu odziwa mtondo. Kubwerekana kudalipo, koma kudayenda mbali zonse ziwiri. Omasulira Baibulo kawirikawiri sadabwere ndi dzina latsopano la Mulungu. Adatenga Mulungu, Leza, Ngai ndi Unkulunkulu pakamwa pa anthu, ndipo Buku Loyera, Baibulo la Chichewa cha masiku ano, lidaika Chauta pamene Buku Lopatulika la mu 1922 lidalemba Yehova.

Vuto lalikulu lili pa kulemba kwenikweniko. Nkhani yapakamwa imasintha malinga ndi wosimba, omvera ndi nyengo. Ya pamaliro si ya kutsimba, ya ana madzulo si ya pabwalo la milandu. Wolemba amagwira kasimbidwe kamodzi, ka munthu mmodzi, tsiku limodzi, n'kukatcha chikhulupiriro cha mtundu wonse. Jan Vansina wa ku Belgium, amene adagwira ntchito pakati pa Akuba m'zaka za m'ma 1950 n'kulemba mu 1961 buku limene lidapatsa ulemu mbiri yapakamwa m'masukulu aukachenjede, ankalimbikira kuti wofufuza asonkhanitse masimbidwe ambiri ndi kudziwa amene akusimba ndi chimene akufuna kupindula.

Chitsanzo chodziwika cha vutoli chili ku Mali. Marcel Griaule wa ku France adayamba kuyendera Adogon mu 1931. Mu Okutobala 1946 mlenje wina wakhungu, Ogotemmêli, adamuitana, ndipo adacheza masiku 33. Zimene zidatuluka m'machezawo, m'buku la Dieu d'eau la mu 1948, ndi chiphunzitso chozama cha Amma mlengi, mapasa a m'madzi otchedwa Nommo, ndi nkhokwe yotsika kumwamba itanyamula mbewu ndi zamoyo zonse, chilichonse cholumikizana ndi chinzake kuyambira kuluka nsalu mpaka kamangidwe ka mudzi. Bukulo lidatchuka dziko lonse, ndipo mpaka lero mabuku ambiri onena za nthano za mu Africa amayamba ndi Adogon. Koma Walter van Beek wa ku Netherlands, atakhala zaka zambiri pakati pa Adogon omwewo, adalemba mu 1991 kuti akuluakulu amene adawafunsa sankaidziwa nkhani ya chilengedwe imeneyo. Omutsutsa adati zidali zinsinsi za ovinidwa okha, zosauza aliyense. Van Beek adaganiza kuti zambiri zidabadwira m'machezamo, nkhalamba yanzeru ikuyankha mzungu wa mafunso osatha kudzera mwa womasulira. Mkanganowo sunathe, ndipo mwini mawu sadafunsidwe kachiwiri: Ogotemmêli adamwalira mu 1947, bukulo lisanasindikizidwe.